Zilembo zodula m'nyuzipepala zija zinayambira kuti?

Wazikwangwani, Mchinji boma:
Ndimalemba zikwangwani ndi kudinda malaya pafupi ndi msika. Mnyamata wina woimba akufuna posita yofanana ndi chithunzi chimene wandionetsa pafoni: nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, m'maso ndi pakamwa atamatapo zilembo zodula m'nyuzipepala, china chachikulu china chaching'ono. Akuti ndi punk, mtundu wa nyimbo zaphokoso zotsutsa akuluakulu. Lumo ndi guluu ndili nazo, koma sindikonda kudinda chinthu chomwe sindikudziwa chikunena chiyani. Odziwa inu, kunali kusowa makina kapena kufuna kunyoza?

Mphunzitsi wa ku Santhe:
Achimwene, zonse ziwiri. Anachipanga ndi Jamie Reid mu 1977, chaka chimene Mfumukaziyo inkakondwerera zaka 25 ili pampando, ndipo chinali chikuto cha nyimbo ya gulu la Sex Pistols. Koma Reid sanayambire ku zoimba. Kuyambira mu 1970 iye ndi anzake ankatulutsa kanyuzipepala ka Suburban Press ku Croydon, kum'mwera kwa London, kodzudzula akhansala ndi amalonda omanga nyumba. Ndalama zinali zochepa, ndiye ankadula zilembo m'manyuzipepala akuluakulu n'kuwayankha eni ake ndi zilembo zawo zomwe. Nzeruyi anaitenga kwa a Situationist a ku France, gulu la olemba ndi ojambula otsutsa ulamuliro, amene ankati chithunzi cha wamphamvu uchitembenuze mpaka chimuneneze mwini wake. Mu 1968 ophunzira ku Paris analanda sukulu ya zaluso n'kumadinda maposita a sitalaka ndi sefa ngati imene mumadindira malayayo, osalembapo ngakhale dzina la wojambula.

Nachisale wa pa Kasungu:
Mwanangu, zimenezi ine ndikuzimva bwino chifukwa ndinazigwirapo ndi manja, ngakhale dzina loti punk sitinkalidziwa. Mu 1992 ndinali wotayipa pa ofesi ina kuno. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ija pa 8 March, boma linati kupezeka nayo ndi mlandu. Kenaka munayamba kuyenda timapepala topanda dzina. Kapepala kankafika kwa ife kali fotokope ya fotokope ina, zilembo zitachita mbuu, m'mphepete muli bii, pena wina atabwereza ndi bolopeni mawu amene anafufutika. Unkakapinda kangapo, kukabisa m'chitenje, kukawerengera kuchimbudzi. Ndipo kumbukirani kuti kuno ndi kwawo kwa Kamuzu, sunkadziwa amene wakhala naye pa benchi. Palibe ankafuna kuti timapepalato tioneke tonyansa chonchija. Tinkatero chifukwa cha changu ndi mantha, ndipo dzina ankalisiya dala kuti munthu asamangidwe. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993, zonse zinathera pa zithunzi ziwiri, nyali ndi tambala wakuda, ndipo agogo osadziwa kuwerenga ankazimva bwinobwino.

Ndiye ndikaona achinyamata akuthimbirira dala zilembo pa kompyuta kuti agulitsire mowa, mtima umandiwawa ndithu.

Wadinda_Kamwendo:
Amayi anena zoona. Aphunzitsi, pang'ono pokha ndikutsutseni: Sex Pistols munalinso malonda. Manijala wawo Malcolm McLaren ndi Vivienne Westwood anali ndi shopu ya zovala pa msewu wa King's Road ku London. Ine ndimalemekeza kwambiri gulu lina loimba punk la Crass ndi wojambula wawo Gee Vaucher, omwe ankasindikiza mtengo pachikuto penipeni kuti ogulitsa asakweze. Onaninso Medu Art Ensemble, anthu othawa tsankho ku South Africa amene ankadinda maposita ku Gaborone. Wojambula wawo Thami Mnyele anaphedwa mu 1985 asilikali a boma la tsankho atalowa mumzindawo usiku.

Achimwene, mufunseni mnyamatayo kuti amaimba za chiyani musanagwire lumo.

Wazikwangwani, Mchinji boma:
Zikomo nonse, makamaka inu amayi. Ndamufunsa. Akuti nyimbo zake zambiri ndi za mavenda obera alimi a soya ndi mtedza pa sikelo, bambo ake ali m'gulu la oberedwawo. Ndamuuza kuti Mfumukazi ya eni tiisiye. Pakati tiika sikelo yopachika ija, pamalo a manambala timatepo zilembo zodula m'matumba a feteleza, inki yakuda yokhayokha pa pepala lachikasu. A Kamwendo, ndijambulitse fotokope kaye ndisanaike pa sefa, kapena mizere ya thumba ija ituluka yokha?