Mitu ya chuku ikusweka ndisanaione pa maikulosikopu

Nabanda: Akuluakulu, ndithandizeni msanga chifukwa lipoti likufunika sabata ino. Mtedza umene ndinaika pa PDA (chakudya chomeretsera chuku m'mbale za mu labu) wamera chuku chobiriwira monkera ku chikasu, chomwe ndikuganiza kuti ndi Aspergillus flavus, koma ndikachitapa ndi singano n'kuchiika mu utoto wa lactophenol cotton blue, conidiophore (phesi lonyamula mutu wa chuku) imathyoka, vesicle (nsonga yotupa ya phesilo) imatsala mbulanda, ndipo galasi lonse limangodzaza timbewu. Sindikutha kuona ngati kunsi kwa ma phialide (maselo obala timbewu) kuli ma metulae (maselo ena owanyamula). Rhizopus, chuku china chomera msanga, nayenso akuphimba mbale zanga.

Chisale: Mayi, singanoyo isiyeni. Dulani kachidutswa ka selotepi yoonekera, mukhudzitse pang'ono m'mphepete mwa chukucho, kumene mitu idakali yanthete, kenako muiike padontho la utoto. Pakati pa mbale mitu yake ndi yokhwima, ndipo imayoyoka ikangokhudzidwa. Za Rhizopus, yambani mwatsuka mtedzawo m'madzi a Jik osungunula, ndipo mugwiritse ntchito DRBC, chakudya china chomeretsera chuku, chomwe chimamuchepetsa liwiro.

Mbewe: Ine sindikuona phindu la ntchito yonseyi. Maonekedwe a mutu sangakuuzeni ngati chukucho chikupanga poizoni wa aflatoxin. Aflasafe, mankhwala othana ndi aflatoxin amene amawazidwa m'minda, ndi A. flavus yemweyo, wa mtundu wosapanga poizoni, ndipo pa maikulosikopu simungawasiyanitse. Yezani poizoniyo.

Chisale: Bambo Mbewe, mayiwa afunsa za dzina la chuku. A. parasiticus, chuku china chofanana ndi A. flavus, kawirikawiri amakhala ndi ma phialide okha pa vesicle, timbewu take ndi tokhakhala kwambiri, ndipo amapanga aflatoxin wa B ndi wa G, pamene A. flavus amadziwika ndi wa B. Kusiyana kumeneku n'kofunika mu lipoti.

Naphiri: Chonde, mbale zimenezo musazitsegulire pa benchi. Kumene ndinkagwira ntchito kale, wophunzira wina anatsegula mbale yokhwima pafupi ndi zenera, ndipo zonse zimene tinadzala mwezi umenewo zinamera chuku chimodzimodzi, mpaka tinataya ntchito yonse n'kutsuka chipinda. Timbewu ta Aspergillus timalowanso m'mapapo, makamaka mwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika kapena amene anadwalapo TB. Tsegulirani mu biosafety cabinet (kabati ya mu labu yotchinga kuti timbewu tisafalikire mumpweya), ndipo muvale magolovesi, pakuti phenol wa mu utotowo amawotcha khungu.

Mbewe: Ndikubwerezanso kuti ngakhale mutawerenga ma metulae onse, wogula mtedza sadzafunsa zimenezo. Ku Kenya m'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku, ndipo chinawapha ndi kuchuluka kwa poizoni, osati maonekedwe a vesicle.

Naphiri: Kodi AFPA, chakudya chomeretsera chuku chozindikirira A. flavus ndi A. parasiticus, ikupezekabe kuno? Ife tinkaidalira chifukwa kunsi kwa mbale kumasanduka kwa olenji pakatha masiku awiri pa madigiri 30, ngakhale kuti siisiyanitsa flavus ndi parasiticus. Amene ankatigulitsa anasiya kuiitanitsa, ndipo amene ali ndi botolo losaguga andiuze kumene analipeza.