Kodi injini ya boti anayambitsa ndani kwenikweni?

Wa_ku_KK: Akuluakulu moni nonse. Dzulo podikira maboti a usipa kugombe tinakangana koopsa, mnzanga amaumirira kuti injini zomangirira kumbuyo kwa botizi anayambitsa ndi a Yamaha poti panyanja ponse ndi Yamaha yokhayokha. Ine ndinakana koma umboni ndinalibe ndiye anyamata anandiseka heve. Wodziwa andithandizeko, mawa ndikufuna ndikabweze.

Mdala_wa_Chilimira: Achimwene munalasa, Yamaha yabwera dzulodzuloli. Dzina loti mukawauze ndi Ole Evinrude, anabadwira ku Norway mu 1877 koma anakulira ku Wisconsin ku America. Nkhani imene amakamba ndi yoti tsiku lina ali pa pikiniki pachilumba, chibwenzi chake Bess Cary chinafuna ayisikirimu, mkuluyu nkupalasa boti mpaka kumtunda kuli kadzuwa, pobwerera ayisikirimu yense atasungunuka, iyenso thukuta kamukamu. Mpamene anati ayi izi zopalasa pamanjazi zatikwana. Pofika 1909 anayamba kugulitsa kainjini kake ku Milwaukee, ka 1.5HP kokha, kolemera pafupifupi makilogalamu 28, mtengo madola 62. Bess anadzamukwatira ndipo ndi amene ankayendetsa za mu ofesi ndi zotsatsa malonda, mwamunayo amangodziwa zitsulo basi kkkk

Aphunzitsi_Salima: Bambo Chilimira nkhani ya ayisikirimuyo ndi yokoma koma Evinrude sanali woyamba, iye anangopanga yoti anthu wamba agule nkumadalira. Mu 1881 Mfalansa wina dzina lake Gustave Trouvé anali atayendetsa kale boti pamtsinje wa Seine ku Paris ndi kamota koyendera mabatire, kochotseka. Ya petulo, Cameron Waterman wa ku Detroit anayamba kugulitsa yake mu 1906, akuti nzeru inamubwerera atapachika injini ya njinga yamoto pamsana pa mpando kuti ayitsuke, nkuona kuti bwanji kuipachika chonchi kumbuyo kwa boti.

Chimene chimandisangalatsa ine pa Evinrude ndi china. Mu 1913 mkazi wake atadwala anagulitsa gawo lake la kampani nkulonjeza kuti kwa zaka 5 sakhudzanso bizinesi imeneyi. Nthawiyo itatha anabwera ndi ina ya masilinda awiri yokhala ndi aluminiyamu wambiri, yopepuka, koma dzina lake lomwe sakanaligwiritsa ntchito poti linapita ndi kampani ija, ndiye anaitcha ELTO. Taganizani munthu kupikisana ndi dzina lako lomwe pamsika. Mu 1929 makampaniwo anadzaphatikizana dzina nkubwerera kwa mwini wake.

Makaniko_Monkey_Bay: Ine za mabuku sindidziwa kwambiri koma ndimazitsegula tsiku ndi tsiku. Chimene chimandidabwitsa nchoti kapangidwe sikanasinthe kwenikweni, injini pamwamba, shafiti kutsika, magiya pansi kenako pulopela, ukafuna kukhota ukhotetsa injini yonse ndi chogwirira chija. Akalewo ankasakaniza petulo ndi oyilo ngati mmene tikuchitira ndi ma Yamaha Enduro 15 athuwa. Kusiyana kwake zoyambirira za Evinrude zinalibe chingwe chokoka, umazungulitsa fulayiwilo ndi dzanja pogwira kachitsulo kali pamwamba, ikabweza dzanja limadziwa.

Yamaha yoyamba inatuluka mu 1960, kampani ina ya ku Japan ya Tohatsu inawatsogolera mu 1956. Ndiye kuyambira Evinrude mpaka Yamaha ndi zaka 51 zathunthu. Koma musakamunyoze kwambiri mnzanuyo, Evinrude anasiya kupanga mu 2020, pamene Yamaha masipeya ake ndikuwagula ku Mangochi konkuno.

Wa_ku_KK: Zikomo nonse, ndajambula sikirini zonsezi. Za 2020 zo sindikawauza ayi, akangomva atenga pomwepo. Amakaniko yanga ikumazima ndikangochepetsa moto, pulagi ndasintha kale, ndibwere nayo Loweruka?