Kudzera kutsogolo kapena kumbuyo: pepalali ndilikhulupirire?

Dokotala wachinyamata, Chipata: Akuluakulu, ndithandizeni. Lachinayi ndikalankhula pamsonkhano wa m'mawa za opaleshoni yoika mfundo ya chiuno yachitsulo. Pepala la kafukufuku lomwe ndawerenga likuti kudula kutsogolo, anterior, kumaposa kudula kumbuyo, posterior, chifukwa mfundo siguluka kawirikawiri. P yake, nambala yoyezera ngati kusiyanako kungakhale kongochitika mwamwayi, ili pansi pa 0.05, malire omwe ofufuza amagwiritsa ntchito. Ndikanene kuti nkhani yatha?

Dokotala wa mafupa: Musathamange, achimwene. Mwaona fragility index yake? Walsh ndi anzake anailongosola mu 2014. Imafunsa kuti: ndi odwala angati omwe zotsatira zawo zikanasintha kuti P ikwere kupitirira 0.05? Tiyerekeze: odwala 100 uku, 100 uku. Gulu loyamba mfundo yaguluka kwa mmodzi, lachiwiri kwa 8. P ili cha pa 0.035, mumawomba m'manja. Onjezani wodwala mmodzi yekha woguluka mfundo kugulu loyamba, akhale awiri. P yafika cha pa 0.1. Chigamulo chonse chinatsamira pa munthu mmodzi! Kenako werengani amene sanabwerenso ku review kudzaonedwa opaleshoni itatha. Akaposa fragility index, ine ndimangoliika pambali pepalalo.

Dokotala wachinyamata: Osabwerawo awalemba mmunsi, m'tizilembo ting'onoting'ono. Ndi ochulukadi.

Fizio (wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo), Katete: Pepani ndilowerere. Njira iliyonse ili ndi msonkho wake. Anterior imakonda kukhudza mtsempha wa lateral femoral cutaneous nerve, ntchafu n'kuchita dzanzi kunja kwake. Ya Hardinge, yodzera m'mbali, imadula mnofu wa m'mbali mwa thako, gluteus medius, ena amatsimphina miyezi. Koma funso langa ndi lina: odwala a m'mapepalawo amakhala pampando, chimbudzi chawo n'chokhalira. Athu amanyonyomala pachimbudzi chokumba, amakhala pamphasa, amawerama ndi khasu. Ambiri ndi achinyamata omwe mutu wa fupa unafa chifukwa cha matenda a magazi a sickle cell, osati agogo a nyamakazi. Kuguluka kwa kumeneko ndi kwa kuno sikungafanane.

Dokotala wa mafupa: Asisi anena zoona. Onaninso ngati anagawa odwala mwamaere, komanso ngati pa posterior anasokanso kapsulo, thumba lokuta mfundo, chifukwa kusokako kumachepetsa kuguluka. Anterior imafunanso dzanja lozolowera. Opaleshoni zoyambirira zimavuta.

Dokotala wachinyamata: Ndiye Lachinayi ndinene chiyani?

Dokotala wa mafupa: Lembani pabolodi nambala ziwiri, fragility index ndi osabwera aja, moyandikana. Nditumizireni tebulo lachiwiri la m'pepalalo madzulo ano tiwerengere limodzi.