Ma valve aja ndakonzetsa, njinga yasiya kuvuta

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa ngati n'koyenera kukonzetsa mpata wa ma valve (tizitseko ta mu injini tolowetsa mpweya ndi mafuta ndi kutulutsa utsi) a njinga yanga yamoto yoperekera katundu, ija inkavuta kulira m'mawa kuno ku Johannesburg. Ena munati ndingoisiya poti sikugogoda. Ine ndinamvera achimwene aja amene anati valve yothina sichita phokoso, koma ndiyo imapsa.

Makaniko wina ku Mayfair atayeza ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata), valve ya exhaust, yotulutsa utsi, inalidi yothina. Anabweza mpata monga likunenera buku la njingayo, ndipo pano ikulira kamodzin'kamodzi.

Poyeza, injini ikhale yozizira, pisitoni ili pamwamba penipeni (chizindikiro cha T cha pa injini ndicho chimasonyeza zimenezi), ma valve onse atatseka. Makaniko wofuna kuyeza injini ikadali yotentha, mukaneni ndithu.