Chinyezi chandionongera makatani ku Senga Bay, ndiike ma blind amtundu wanji?

Nachisale, Area 49

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya mawindo, ndipo ndikupempha amene munakhalako kunyanja kapena amene ntchito yanu ndi yomweyi mundigawireko nzeru.

Ine ndimakhala konkuno ku Lilongwe, koma ine ndi bambo a kunyumba tinamanga kanyumba ka zipinda zitatu ku Senga Bay komwe tikufuna kukakhala tikadzapuma pa ntchito. Pakadali pano timapitako kamodzi pamwezi, nthawi zina miyezi iwiri imadutsa. Kuli mlonda wosesa pabwalo koma m'nyumba salowa, choncho imakhala chitsekere.

Chaka chatha mu Okutobala ndinasoketsa makatani a nsalu yokhuthala, okhala ndi ina yamkati, abwino zedi. Pa Khirisimasi tinakapeza zonse zili bwino. Kenako mayi anga anadwala, sitinapondeko mpaka kumapeto kwa Febuluwale. Nditangotsegula chitseko fungo linandiwomba ngati ndalowa m'nkhokwe yodontha. Makatani a kuchipinda anali atachita chuku, timadontho takuda kuyambira m'munsi kufika cha m'chiuno, makamaka m'mapindo momwe nsalu imagundana. Timbedza ta pamwamba tinachita dzimbiri n'kusiya mizere yofiira pansalu. Ndinanyika mu Jik, ndinayanika padzuwa masiku awiri, madonthowo anangotuwa osachoka. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa ndalama zake ndinachita kusonkha ku banki m'khonde miyezi yambiri.

Tsopano ndikuganiza zoika ma blind ochita kuyezetsa, zotchinga mawindo zokweza ndi kutsitsa zija, m'malo mwa makatani. Ndafunsa malo awiri m'tauni muno ndipo andionetsa a matabwa enieni, a aluminiyamu opyapyala, a pulasitiki ooneka ngati matabwa, ndi opinda a nsalu amene akuti roller. Maso anga akopeka ndi a matabwa chifukwa akugwirizana ndi zitseko zathu za m'bawa, koma ndaluma kale chala kamodzi.

Mawindo ali chonchi: la pabalaza ndi lalikulu, mamita 2.4 m'lifupi, layang'ana kunyanja, ndiye dzuwa likamatuluka kuwala kwa pamadzi kumalasa m'maso moti sungakhale pampando. Zipinda ziwiri zayang'ana kumadzulo ndipo zimatentha koopsa madzulo. Kubafa ndi kukhitchini kuli ma louvre. Onse ali ndi mafelemu achitsulo ndi ma burglar bar. Nditani?

Phiri woika mawindo, Mchesi

Mayi Nachisale, pepani ndi zomwe zinakuonekeranizo. Ine ndaika ma blind m'nyumba zambiri kuno komanso m'malo ogona alendo ku Salima, ndiye ndikuuzani zomwe manja anga agwira.

A matabwa enieni aiwaleni. Thabwa limamwa chinyezi nyengo yamvula n'kufufuma, ikafika Sepitembala limauma n'kubwerera. Chitseko chanu cha m'bawa ndi chokhuthala, chimapirira, mwina chimangolimba potseka mu Januwale. Koma timatabwa ta blind n'topyapyala ngati chikuto cha buku, sitingapirire kufufuma ndi kuuma chaka ndi chaka. Timapindika, vanishi amasweka, ndipo mukatseka pamatsala mipata. Kuno ku Lilongwe amakhalitsa chifukwa tili pamtunda, pafupifupi mamita 1,050 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe Senga Bay safika ndi 500 omwe. Mtunda wa maola awiri okha pagalimoto koma mpweya wake ndi wina.

A pulasitiki ooneka ngati matabwa aja, amene amapangidwa ndi PVC, samwa madzi. Mukhoza kuwapukuta ndi kansalu konyowa, ndipo munthu ataima patali sangasiyanitse ndi thabwa. Vuto lawo ndi kulemera. Pawindo la mamita 2.4 limodzi lokha mudzavutika kulikweza, zingwe zidzatha msanga, ndipo likatenthedwa ndi dzuwa limagwa mimba pakati. Mukawafuna pamenepo, agaweni awiri kapena atatu motsata mafelemu. Kuzipinda za kumadzulo sankhani oyera kapena otuwira, akuda amamwa kutentha n'kupindika.

Koma pabalazapo ine ndikanaika roller wa nsalu imene amaitcha sunscreen. Si thonje ayi, ndi ulusi wa polyester kapena fibreglass wokutidwa ndi PVC, wolukidwa mosiya timabowo. Amagulitsa potengera kukula kwa timabowoto: 3 peresenti, 5 peresenti, 10 peresenti. Wa 3 kapena 5 amathyola kuwala kwa m'mawa kuja koma nyanja mumaionabe muli pampando. Chenjezo ndi limodzi: usiku mukayatsa magetsi zimatembenuka, wa panja ndiye amaona mkati. Choncho kuchipinda chogona sunscreen payekha sakwanira.

Tsono nkhani yoyeza, pomwe anthu ambiri amatayira ndalama. Musatumize miyeso ya pa pulani ya nyumba. Omanga athu akapaka pulasitala, windo limene pulani ikuti mamilimita 1,200 limatuluka 1,185 pamwamba, 1,192 pansi. Yezani m'lifupi malo atatu, pamwamba, pakati ndi pansi, mutenge muyeso waung'onowo, mu mamilimita. Wopangayo ndiye achotsepo pang'ono kuti blind asakhule khoma, ndipo mugwirizane kuti akuchotsa ndani, chifukwa mukachotsa nonse awiri m'mbali mutsala mpata. Muyezenso kuchokera pa ma burglar bar ndi zogwirira za windo kufika m'mphepete mwa khoma. Ndinafikapo panyumba ina blind atadulidwa kale, n'kupeza chogwirira chatuluka moti sangatsike. Malo akachepa, mupachike kunja kwa bowo la windo, apitirire pang'ono mbali zonse.

Mbewe, ndili ku Beira

Achemwali, ine kwathu ndi ku Kawale koma ndakhala ku Beira zaka zambiri pa ntchito ya katundu wa padoko. Ndikufuna kuonjezera chinthu chimodzi kuti ogulitsa asakuopsezeni ndi mitengo.

Zambiri zomwe mungawerenge pa intaneti zokhudza nyumba za m'mbali mwa nyanja amalembera ife a kunyanja yamchere. Kuno mphepo yochokera ku Indian Ocean imanyamula mchere, umakhala pachitsulo chilichonse ngati kafumbi konata, n'kumakoka chinyezi. Loko wa pageti amachita dzimbiri usanamuzolowere. Ngakhale aluminiyamu amatuluka timatuza toyera pomwe penti yakalika. N'chifukwa chake kuno timafunafuna ma screw a stainless steel ya nambala 316, imene imapirira mchere kuposa ya 304.

Nyanja yathu ya Malawi ilibe mchere umenewo. Mdani wanu ndi chinyezi ndi kutentha basi. Stainless wamba akukwanirani, musalipire za 316. Chofunika n'chakuti muone zamkati. Ogulitsa amakuonetsani nsalu ndi mitundu yokongola, koma chimene chimayamba kufa ndi kabokosi ka pamwamba ndi tizitsulo tomangira kukhoma. Ambiri otchipa kabokosiko ndi lata wopaka penti. Tengani maginito popita kusitolo, mugunditse. Akakakamira ndiye kuti ndi chitsulo wamba, chidzachita dzimbiri ngati timbedza tanu tija. Aluminiyamu maginito samugwira. Tcheni chokokera chikhale cha pulasitiki.

Chinanso ndinachiphunzira movutika mu Malichi 2019 pa namondwe wa Idai. Blind si chitseko, satchinga mvula ngakhale pang'ono. Madzi akamalowa pa felemu chifukwa pate wa magalasi anasweka, konzani kaye zimenezo. Onani pansi pa mawindo anu ngati penti yatupa kapena yachita mizere.

Nabanda wa ku Nkhotakota

Mayi, abambowa anena zoona pa za zipangizo, koma ine ndikuona kuti nkhani yanu yagona pena. Ine ndinabadwira kunyanja ndipo makatani a nsalu ndili nawo mpaka lero, sanachitepo chuku. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimatsegula mawindo m'mawa uliwonse. Inu nyumba munaitseka miyezi iwiri ya mvula, yatsopanonso, makoma ake asanaume bwino. Simenti ndi njerwa zimatulutsa madzi kwa miyezi yambiri nyumba ikangomangidwa. Madzi onsewo analibe kolowera, anathera m'makatani. Mwaonako kuseri kwa wadiropu ndi pansi pa matiresi? Ndikukhulupirira kuti nakonso kuli.

Chuku chimamera chinyezi chikakhala pamwamba masiku ambiri pamalo pomwe mpweya suyenda, ndipo chimadya fumbi lomwe. Ndiye ngakhale PVC ameneyu, mukamusiya ndi fumbi m'nyumba yotseka, mudzapeza wachita mawanga. Ubwino wake ndi woti amapukutika, nsalu ya thonje ayi.

Ikani waya wotchinga udzudzu pa ma louvre a kubafa ndi kukhitchini, muziwasiya otsegula pang'ono mukamachoka, zitseko za zipinda zonse zili pululu. Ngati omanga anatseka timabowo ta mpweya ta pamwamba pa mawindo, titseguleni. Ndipo ngati mlonda wanuyo mumamukhulupirira, mkazi wake azilowa kawiri pa sabata kutsegula mawindo dzuwa likawala. Zimenezi zidzakupulumutsirani katundu wambiri kuposa blind wodula aliyense. Wayayo akhale wa timabowo ting'onoting'ono, chifukwa kwathu kuno nkhungu, tizilombo touluka tija, zikatuluka m'nyanja zimathamangira kuwala kwa nyale, zimadzaza paliponse, ndipo zikafera pansalu yoyera zimasiya zipsera.

A aluminiyamu opyapyala aja ine sindiwakonda pawindo loyang'ana kunyanja. Mwera ukayamba mu Juni ndi Julayi amangoti kwetekwete pa ma burglar bar usiku wonse, ndipo kamodzi kokha akapindika sawongokanso. Kubafa ndi kukhitchini ndiye ali bwino.

Pakhonde musataye ndalama. Gulani mphasa za bango kwa anthu a konko, mumange ndi chingwe kuti zizipindika. Zimatchinga dzuwa, mphepo imadutsa, zikatha patapita nyengo ziwiri mugula zina ndipo ndalamayo yatsala m'mudzi momwemo. M'nyumba mokha musalowetse bango kapena nsungwi, zimachita chuku komanso zimafumbwa, mudzangoona ufa pansi.

Pomaliza, ngati kumabwera ana, samalani zingwe. Chingwe cha blind cholendewera ngati khwekhwe chimatha kukola mwana pakhosi, ndipo sakuwa. Mwana wa mchemwali wanga tinamupeza atachivala m'khosi akusewera, mwamwayi tinali pomwepo. Mpaka lero ndikaganiza thupi limachita tsembwe. Auzeni akhomere kogwirira tcheni kukhoma, ndipo bedi la mwana litalikirane ndi windo.

Nachisale, Area 49

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. A Nabanda, mwalasa. Ndawaimbira bambo a kunyumba ndipo akuti timabowo ta mpweya tija anauza omanga atitseke poopa fumbi ndi mileme. Za kuseri kwa wadiropu sindinayang'ane n'komwe, mantha andigwira. Za zingwezo ndamva, adzukulu anga awiri ndi aang'ono ndipo amakonda kukwera pamipando.

A Phiri, ndifunseko ziwiri. Kuchipinda chogona ndiike chiyani poti sunscreen amaonetsa usiku? Nanga chuku chikagwira PVC ndizipukuta ndi chiyani?

Phiri woika mawindo, Mchesi

Kuchipinda muli ndi njira ziwiri, Mayi. Ina ndi roller wa blockout, nsalu yosadutsa kuwala, koma ameneyu akatsika amatsekanso mphepo, ndipo ku Salima mu Novembala simungagone windo lili lotchinga choncho. Ine ndikanasankha PVC wa timatabwa ta mamilimita 50. Mumatipendeka kuyang'ana m'mwamba, wa panja saona kanthu koma mpweya ukulowa. Mukamabwerera ku Lilongwe musiye atatsika koma opendeka theka, osatseka kotheratu, ndipo pakati pa blind ndi galasi pakhale mpata.

Popukuta, madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale akwanira. Pomwe pachita mawanga pakani viniga woyera, mudikire pang'ono, mupukute n'kuumitsa. Musasakanize viniga ndi Jik, zimatulutsa mpweya woipa wotsamwitsa. Roller akanyowa musamupinde, muyambe mwamusiya aume.

Ndipo musalipire zonse musanaone chidutswa cha chinthu chenichenicho. Pemphani kachidutswa ka PVC ndi ka nsaluyo, mukasiye pawindo la kumadzulo ku Senga Bay mwezi umodzi, muone ngati kapindika kapena kasintha mtundu.

Nachisale, Area 49

Ndamva. Loweruka tikutsika ndi tepi, maginito ndi mmisiri woti akaboole timabowo tija n'kuikapo waya. Ndikayeza windo lililonse katatu monga mwanenera, ndipo ndikasuntha wadiropu ndione. Ndikuganiza zoyamba ndi la pabalaza ndi chipinda chathu chokha, zinazo zidikire mvula ikubwerayi idutse tione mmene awa apiririre. A Nabanda, mphasa zabwino zolukidwa ndi chingwe cholimba ndingazipeze pa msika wa Kamuzu Road pa Salima pomwepo, kapena ndichite kuitanitsa kwa oluka?