Quarterback wamkulu timamudziwira zikho kapena manambala?

Fins84:
Anzanga a NFL (ligi ya mpira wa ku America) tandithandizeni apa. Tikamakangana za ma quarterback (oponya mpira amene amatsogolera timu ikamaukira) oposa onse timayang'ana chani kwenikweni, zikho kapena manambala? Ine zimandiwawa kuona Dan Marino akumuika pansi chifukwa choti alibe mphete ya owina Super Bowl (fainali ya NFL) basi. Mu 1984 mkulu uja anaponya mayadi 5,084 ndi ma touchdown (zigoli) 48 panthawi yoti palibe amene anali atafikapo 5,000, anakafika ku Super Bowl ndi Miami koma a 49ers nkuwakwapula 38-16 ndipo sanabwererekonso mpaka anapuma. Pamene Trent Dilfer mphete ali nayo ya Ravens sizoni ya 2000. Ndiye tiziti Dilfer amaposa Marino?

Gadabwali:
Achimwene za Dilfer palibe amene anganene zimenezo, aliyense akudziwa kuti chikho chija chinali cha difensi ya Ray Lewis, anagoletsetsa mapointi 165 okha sizoni yonse. Koma chikho chimodzi ndi zikho zambiri nzosiyana. Kamodzi mwayi ukhoza kukugwera koma Tom Brady anafika ku Super Bowl ka 10 nkuwina 7, zisanu ndi chimodzi ndi Patriots kenako nkusamukira ku Tampa Bay nkukatenganso china ali ndi zaka 43 pamaso pa timu ya Patrick Mahomes 31-9. Mu Super Bowl yomwe anasewera ndi Falcons ija anali kumbuyo 28-3 ambiri tinali titataya mtima koma anabweza mpaka kuwina. Zimenezo mumanambala simungazione bwino, ndi mtima wa munthu zinthu zikavuta. Joe Montana wa 49ers naye anawina 4 pa 4 osaponyera mdani mpira ngakhale kamodzi mu Super Bowl zonsezo.

mai_a_Tada:
A Gadabwali Brady musamubweretse pa mkangano uwu chifukwa iye ali nazo zonse, mayadi 89,214 ndi ma touchdown 649 palibe womufika, ndiye sakutithandiza kusiyanitsa. Taonani Peyton Manning. Mu 2013 anaponya ma touchdown 55 rekodi mpaka lero, anatenga MVP (mphoto ya wosewera bwino koposa), koma ku Super Bowl Seattle inamuchititsa manyazi 43-8. Ndiye 2015 mkono utatha kale, mpira ukuchita kugwedera mmwamba, ma touchdown 9 okha ma interception (mipira yogwidwa ndi adani) 17, mpaka magemu ena anasewera Osweiler m'malo mwake, chaka chimenecho ndi chomwe anatenga chikho chifukwa Von Miller ndi anzake a difensi ankamudya quarterback wa adani Cam Newton wamoyo. Munthu yemweyo timu yomweyo ya Denver. Tandiuzeni Peyton wabwino anali wa chaka chiti? Ine ndikuti wa 2013 ndipo sindikukaika. Komanso quarterback sakhala mbwalo difensi ikamasewera, samenya ma field goal (kumenyera mpira pagolo ndi mwendo), Jim Kelly anaonerera ali pambali Scott Norwood akuphonya Buffalo nkuluza Super Bowl 20-19 ndipo mpaka pano anthu amati Kelly sanawine ngati anaphonya ndi iyeyo.

Kabwila77:
Mayi mwalasa koma manambala nawonso amanama tisawakhulupirire kwambiri. Malamulo anasintha, mu 1978 anawaletsa oteteza kumukankha receiver (wolandira mpira) akadutsa mayadi 5, mu 2004 anakhwimitsanso, pano quarterback ukangomugunda mochedwa pang'ono mbendera ya chilango yagwa kale, ndipo kuyambira 2021 magemu ndi 17 osati 16. Terry Bradshaw ali ndi ma touchdown 212 ndi ma interception 210, mwana wa lero ataona angati ameneyu sankatha mpira koma zikho 4 ndi Steelers, nthawi imeneyo mpira unali wothamanga nawo ndi kumenyana. Ine ndimamuyeza munthu ndi anzake a nthawi yake, ndipo pamenepo Marino ali pamwamba zedi chifukwa rekodi yake ya mayadi inakhala mpaka 2011 pomwe Drew Brees anaiphwanya.

Gadabwali:
Zonsezo ndamva koma mutapatsidwa gemu imodzi yoti muwine zivute zitani mutenga Marino kapena Montana? Ine Montana.

Fins84:
Montana anali ndi Bill Walsh, Ronnie Lott kenako Jerry Rice akulu, Marino difensi yake zaka zambiri inali yobooka ndipo othamanga ndi mpira odalirika analibe. Mundipatse 49ers yomweyo ine nditenga Marino. Nanga Eli Manning mumuika pati a Gadabwali, anamugonjetsa Brady kawiri ku Super Bowl koma magemu a sizoni anawina 117 nkuluza 117?