Ndikufuna kupenta ndekha njinga ya malemu bambo, koma petulo akuchotsa penti

Wa_ku_Bembeke

Moni nonse. Ndili ndi njinga yamoto ya Honda CG 125 imene anandisiyira malemu bambo anga. Injini ilibe vuto, kuponda kamodzi yalira, ndipo mpaka lero imanditulutsira kachewere kudimba kukafika pamsewu wa tala. Chandivuta ndi maonekedwe. Inali yofiira, pano yambuwa mpaka ikuoneka ngati m'kati mwa gwafa. Thanki inalowa m'kati pang'ono mbali ya kumanzere pomwe inagundidwa ndi ngolo, madigadi nawo achita madontho a dzimbiri.

Ndinakafunsa kwa opopera magalimoto pa boma, mtengo umene ananditchulira ndinangoseka n'kubwerako. Ine ndili ndi K70,000 basi.

Ndiye sabata yatha ndinati ndiyese ndekha. Ndinagula zitini ziwiri za penti yopopera, ndinatsuka thanki ndi sopo, m'mawa cha m'ma 6 koloko n'kuipopera pakhonde, nkhungu isanachoke n'komwe. Itauma inachita mbuu ngati ndaiwaza ufa, kwina penti inatsika ngati misozi. Ndinapirira. Patatha masiku atatu ndikuthira petulo wa m'chigubu, pang'ono anatayikira pambali, nditapukuta ndi kansanza penti yonse inatsatira kansanzako. Mayi akunyumba anaseka mpaka kukhala pansi.

Ndinalakwitsa pati? Kodi zimatheka opanda kompuresa, makina a mpweya opopera penti aja? Komanso ndikuganiza zoisintha ikhale yakuda, mwina zipsera sizingamaoneke.

Mmisiri_pa_Lizulu

Achimwene, pepani, koma inenso ndaseka. Mwalakwitsa malo atatu nthawi imodzi.

Choyamba ndi nyengo. Inu a ku Bembeke mukudziwa nokha mmene kumakhalira m'mawa miyezi yozizira ino. Penti ikamatuluka m'chitini, thina wake, mankhwala osungunulira penti aja, amauluka mwachangu n'kuziziritsa chitsulo, ndiye chinyezi cha mumpweya chimatera pomwepo n'kutsekeredwa m'kati. Ufa munaona uja ndi madzi. Dikirani Seputembala, muzipopera dzuwa litakwera, kuyambira cha m'ma 10, koma pamthunzi. Padzuwa lenileni penti imauma isanafike pachitsulo n'kuchita mchenga. Muwaze madzi pansi pozungulira kuti fumbi lisadzuke, nkhuku muzitsekere.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yonse, simunakweche. Kupopera ndi mphindi khumi, kukwecha ndi masiku. Chotsani thanki panjinga, mukhuthule petulo yense, muchotse chitsekero ndi kampopi ka pansi, mabowo mumate ndi tepi. Penti munaika ija ichoke yonse, thina ndi nsanza zikuthandizani. Kenako sandipepala: pomwe pali dzimbiri yambani ndi nambala 80 mpaka chitsulo chiwale, mubwereze ndi 180 kufufuta mikwingwirima ya 80 ija. Penti yakale ya kufakitale pomwe yagwira bwino musavutike kuichotsa, ingoikwechani ndi 320 mpaka kuwala konse kuthe. Penti yatsopano imafuna pogwira, pamalo posalala imangokhala pamwamba ngati mafuta pamadzi.

Polowa m'kati paja ikani fila, phala lomatira maenje pachitsulo. Kachitini kakang'ono kakwana, kamabwera ndi kachubu ka hadena, mankhwala omulimbitsa. Sakanizani pang'onopang'ono pa kachidutswa ka lata chifukwa amalimba msanga, mupake pachitsulo chokwecha, osati pa penti. Pokwecha fila mukulunge sandipepala pa kathabwa. Mukamagwiritsa zala mudzakumba timaenje, ndipo timeneti timabisala mpaka tsiku lomwe mwaika penti yowala. Tsekani maso muyendetse chikhatho, dzanja limaona kuposa diso.

Mukatero pukutani bwinobwino, musakhudzenso ndi manja a mafuta. Kadontho kamodzi ka oilo kapena polishi, penti imathawa pamenepo n'kusiya timabowo tozungulira. Ikani pulayima, penti yoyamba yapansi, kawiri kapena katatu, agone usiku, m'mawa mumukweche ndi 600 yonyowetsa m'madzi.

Misozi ija ndi changu. Chitini muchigwedeze mphindi ziwiri zathunthu, kukazizira muchiviike m'madzi ofunda, osati kuchiyandikiza pambaula, chimaphulika. Chikhale kutali ndi chitsulo ngati masentimita 25, dzanja liziyenda, muyambe kupopera musanafike pathanki n'kusiya mutaipitirira. Ulendo woyamba pulayima azionekabe pansi, musadandaule. Dikirani mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, mubwereze, mpaka katatu kapena kanayi.

Tsono chachitatu ndi chimene anthu safuna kumva. Ngakhale mutachita zonsezi mosalakwitsa, penti wamba ya m'chitini siyipirira petulo. Imauma chifukwa thina wauluka basi, ndiye petulo akaitera imasungunukanso. Yomwe imapirira ndi ya 2K, yosakaniza ndi hadena, imene amapopera ndi kompuresa. Ndiye langizo langa ndi ili: thanki muikonze nokha mpaka pa pulayima, muinyamule yokhayo kwa opopera aja, muwapemphe kuti tsiku lomwe akupopera galimoto yofiira akuwazireni yotsala mumfuti yopopera. Chimene chimadula kwa iwo ndi kukwecha, ndipo inu mudzakhala mutakwecha kale. Awonetseni chitini cha pulayima amene mwagwiritsa ntchito, ayambe ayesa pansi pa thanki, chifukwa mapenti ena sagwirizana, wapansi amachita makwinya. Zotsekera za m'mbali, felemu ndi zina zomwe petulo safikako, chitini chikwanira.

Wakabaza_Mphate

Madala afotokoza zoona, koma ine ndifunse: matayala ali bwanji? Tcheni ndi masiporoketi? Mabuleki? Chifukwa ku Bembeke kutsika Khwekhwelere ndi matumba kumbuyo, penti sikuimitsani.

Ine yanga ndimagwirira ntchito tsiku ndi tsiku, thanki ndinangoiveka chovala chachikopa chija chokhala ndi kathumba koika foni, nkhani inathera pompo. Felemu ndinapaka penti yakuda ya mafuta ndi kabulashi, ndinaisungunula pang'ono kuti isasiye mizere. Ukaima patali sungadziwe. Chimodzi chokha, ekizozi musapake penti wamba. Ine ndinapaka, kuchoka pa Mphate kufika pa Kampepuza utsi uli tolotolo, kasitomala anatsika akuganiza kuti tikupsa. Ilipo yake yopirira moto, pachitini amalemba.

Madigadi a CG ngati ndi onyezimira aja musawapente, penti sigwira pamenepo. Tengani waya wofewa wokwechera mapoto, munyowetse, mukweche mofatsa. Dzimbiri la pamwamba limachoka, mukatero muzipaka kaoilo nthawi ya mvula.

Mlongo_wa_ku_Linthipe

Alongo anga, zoisintha kukhala yakuda zija muganize kawiri. Mtundu wa njinga unalembedwa m'mapepala ake. Mukaisintha osakasinthitsa ku Road Traffic, tsiku lina pa rodibuloko mudzavutika kufotokoza chifukwa chomwe pepala likuti yofiira pomwe mwakwera yakuda, ndiye mmene njinga zikubedwera masiku ano apolisi sachedwa kukayika. Nambala ya felemu ndi ya injini muzimate ndi tepi musanapente, ziziwerengeka bwino, musazikweche n'komwe.

China, bambo akunyumba kwathu anapoperapo njinga m'chipinda chosungira chimanga atatseka chitseko, ati kuopa fumbi. Anatuluka akudzandira, mutu unawapweteka masiku awiri, ufa wa mwezi umenewo unkanunkha thina. Poperani panja, mutseke mphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali, ndipo pasakhale moto pafupi.

Komanso kwa ine, njinga imeneyi anthu a kwanuko amaidziwa ndi kufiira kwake. Ikamadutsa amati ya malemu uje ija. Yakuda adzangoti mwagula ina.

Wa_ku_Bembeke

Zikomo nonse, ndaphunzira. A kabaza, matayala ndinasintha chaka chatha, mabuleki ali bwino, musade nkhawa. Achemwali a ku Linthipe mwandigwira pamtima, ikhala yofiira. Amayi anga akadali moyo, akanandifunsa.

Dzulo ndinachotsa thanki n'kuyamba kukwecha. Pansi pa penti yambuwa ija, pomwe panali sitika ya Honda, ndapeza kufiira kwenikweni kuja, ndajambula kuti ndikawaonetse opopera. Koma madala a pa Lizulu, ndapezanso kabowo kakang'ono ngati ka singano kunsi, pafupi ndi msoko, mpake pansi pa thanki pamakhala ponyowa. Mnyamata wina wowotcherera pano akuti andithira kadontho kamodzi ulere. Ndimupatse?

Mmisiri_pa_Lizulu

Ayi, musamupatse. Thanki yopanda petulo ndi imene imaphulika, chifukwa m'kati mwatsala mpweya wake, ndipo kutsukuluza kamodzi ndi madzi sikuuchotsa. Kabowo kotero gulani epokisi, guluu wa zitsulo uja wa machubu awiri, muwerenge ngati analemba kuti imapirira petulo. Thanki iume, mukweche mozungulira kabowoko mpaka chitsulo chiyere, mumate, mudikire tsiku lathunthu. Kenako thiranimo petulo pang'ono muiike pa nyuzipepala usiku wonse, kutali ndi kukhitchini. Pepala likadzuka louma, pitirizani ndi fila.

Koma muunikemo ndi tochi kaye. Pomwe pali kabowo kamodzi nthawi zambiri anzake amakhala ali m'njira. Mukaona m'kati mwadyeka msoko wonse, musataye ndalama ya penti, bwerani nayo kuno tsiku la msika tikafunefune thanki ina kwa ogulitsa zakale.